Poto Wolira wa a Geraldo

Pageti la shafiti ina ya mgodi wa pulatinamu ku Joni, kufupi ndi Boitekong, panali mzere wa misasa 31 ya anthu ogulitsa zakudya, ndipo aliyense pamzerewo ankadziwa kuti mang'ina amafuna maola anayi pamoto. Ukawapatsa atatu, anthu amatafuna ngati apatsidwa tayala, mawa lake n'kukudutsa ngati sakukudziwa. N'chifukwa chake ophika mang'ina ankayatsa moto nayini koloko m'mawa, kuti shifiti yotuluka thu koloko ipeze zonse zitapsa.

A Geraldo okha ankafika dzuwa lili pamutu. Ankatsitsa katundu pawilibala mosafulumira, n'kuyatsa kasitovu ka gasi, n'kuikapo poto wawo wa chivundikiro chomanga. Pakapita kanthawi potoyo ankayamba kulira, tsiii, tsiii, kamutu kachitsulo kakuvina pamwamba. Mphindi makumi asanu zokha, mang'ina afewa moti fupa limavuka lokha. M'chaka cha 1996 pamzere ponsepo panalibe amene anali ataonapo poto wa pulesha, ndipo kwa anthuwo chinthu chofewetsa chiboda cha ng'ombe mwachangu chotero sichikanakhala poto wamba.

Bambowa anabadwira ku Ulongwe, m'chigawo cha Tete, mu 1948. Anafika ku Joni ali ndi zaka 21, n'kulowa pansi kumigodi ya golide ngati malayisha, ntchito yokokolola miyala ndi fosholo. Anakhalako zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, mpaka kwawo anayamba kuwawerengera m'gulu la machona. Kenako kontilakita wina wa masikafodi anawatenga kupita ku Kepu, kusiteshoni ya magetsi a nyukiliya ya m'mphepete mwa nyanja, komwe ankamanga makwerero azitsulo makina akaimitsidwa kuti akonzedwe. Akazi awo, mayi Lurdes, anawatsatira nkhondo itavuta kumudzi. Kontilakiti itatha anabwera kumigodi ya kuno ku Rustenburg, koma patangopita zaka zitatu msana unakana. Poto uja anachokera ku Protea Park, kunyumba imene mayi Lurdes ankagwirako ntchito: adona posamuka anawauza kuti atole zimene akufuna m'khitchini. Msasa wa a Geraldo unali wachitatu kuchokera pageti, malo amene munthu wanjala amafikapo asanaganize kawiri, ndipo patsiku ankagulitsa ziboda 24.

Vuto lawo linali pakamwa. Zaka zisanu za ku Kepu zinawapatsa nkhani yoti sinkatha, moti anthu ankangowatcha aNyukiliya. Lachisanu lina anyamata a pansi atadzaza pabenchi, Solomon wa ku Dedza, wobowola miyala, anafunsa akunyambita zala.

"Madala, tiuzeni zoona. Mumathiramo panado?"

"Panado wa chiyani, mwana wanga? Ndi nthunzi basi. Poto uyu ndi mng'ono wake wa uja ndinamusiya ku Kepu."

"Wa bomba uja?"

"Si bomba, mampara iwe. Tamvera. Mwala wa golide uli ndi chitsulo china, yureniyamu. Amachiyenga n'kuumba timibulu tofanana ndi nsonga ya chala ichi. Timibuluto amatisanja m'timapaipi, n'kumiza m'chipoto chachitsulo, chachitali ngati basi itaimirira chilili, chodzaza madzi. M'timibulumo muli tinthu tosaoneka, maatomu. Kamodzi kakasweka kamatulutsa kutentha, tizidutswa take n'kukaswa tinzake, tinzaketo n'kuswa tina. Moto wopanda lawi. Madzi amatentha kupyola madigiri 300 koma sawira, chifukwa apanikizidwa. Ndi nzeru yomweyi ya poto wangayu: ukawatsekera madzi, amatentha kupyola mlingo wawo."

"Ndiye magetsi amatuluka m'madzi?" anafunsa wina ali ndi fupa m'kamwa.

"Iwe ukhala pansi pa nthaka mpaka kalekale. Madzi otenthawo amadutsa m'mapaipi n'kuwiritsa madzi ena apadera. Nthunzi yake imapota chifani chachikulu, chifani chimapota jenereta, magetsi n'kulowa m'mawaya. Kambulu kamodzi kamagwira ntchito ya malasha odzaza galimoto ya baki. Utsi palibe. Ukachapa malaya oyera n'kuyanika pafupi ndi siteshoni, amauma ali oyera. Kayese zimenezo kumalasha ku Witbank."

"Nanga bwanji osangomanga paliponse?" anatero Solomon.

A Geraldo anapukusa mutu. Pamenepa ndi pamene ankakoma nkhani. "Kumanga kwake n'kwa zaka zambiri. Komanso phulusa lake silizizira, mwana wanga. Timibulu tikatha ntchito timatulutsa cheza choopsa, chosaoneka, chosanunkha, kwa zaka masauzande. Amatisunga pansi pa madzi, ndipo akuluakulu akukanganabe za kokatitaya. Zikalakwika, ngati zinachitikira ku Ukraine mu 1986, tauni yonse imasamuka, ndi agalu omwe kuwasiya. Ife tinkavala kabaji kowerenga cheza pachifuwa. Potuluka, makina amayeza manja ndi mapazi. Ovolosi, magolovesi, zonse zimatsala komweko."

Anyamata anaseka, n'kupita kukakwera matakisi. Koma pamsasa wachinayi, kuseri kwa chisaka chimene chinkalekanitsa misasa iwiriyo, mayi Lois anali atasiya kusonkhezera moto. Mayiwa anali a ku Katete, amasiye, ndipo anaphika mang'ina pageti limenelo zaka zisanu ndi chimodzi a Geraldo asanabwere. Kwa miyezi itatu anali akusanthula zinyalala za anzawowo ndi kamtengo, kufunafuna timapepala ta panado, osapeza ngakhale kamodzi. Tsopano mwiniwake anali atanena ndi pakamwa pake, pamaso pa anthu, kuti poto ndi mng'ono wake wa chipoto cha cheza.

Pofika Lolemba, nkhani inali itasintha zovala. Poto anachita kumuba kusiteshoni. Safuna gasi, kasitovu kaja n'kongophimba anthu m'maso. Chimene chimafewetsa fupa la ng'ombe m'mphindi makumi asanu, chingalephere bwanji kufewetsa mafupa a munthu? Ndipo panali china chimene chinkanenedwa motsitsa mawu, amuna akamamanga zingwe za majombo: wodya mang'ina amenewo mphamvu za kunyumba zimatha. Umboni wake? "Iwowo aNyukiliya, mwana wawo munamuonapo?"

Mawu amenewa anawafika a Geraldo kudzera kwa woyendetsa takisi, ndipo anawalasa penipeni. Iwo ndi mayi Lurdes analibe mwana, ndipo zinali choncho kale asanaone n'komwe nyanja ya ku Kepu. Koma ungaime pageti n'kumafotokozera shifiti yonse za kuchipinda kwako?

Sabata yomweyo Solomon anadwala, thupi kutentha, mutu kuwawa, masiku anayi osatsika pansi. Kuchipatala anati ndi malungo amene anabwera nawo kuchokera kutchuthi, koma zimenezo anamva ndi anthu ochepa. Ziboda zinatsika kuchoka pa 24 kufika pa 15, kenako 7. Anyamata omwe aja ankadutsa pamsasa wachitatu atayang'ana kumwamba ngati akuwerenga mitambo.

Lachinayi kunabwera a Absalom, tcheya wa komiti ya mzerewo, bambo wa ku Ntcheu wowotcha mitu ya nkhosa. Anaima patali pang'ono ndi poto, manja ali kumbuyo.

"Achimwene, anthu akudandaula. Lamlungu kuli msonkhano. Mukalephera kutitsimikizira kuti potoyu ndi wabwino, malo ano muwasiya."

"Anthu ake ati, atcheya?"

"Anthu."

A Geraldo anawayang'ana nthawi yaitali. Ankadziwa kuti a Absalom ali ndi mlamu wawo wongobwera kumene, amene ankazungulira ndi chiwaya cha tchipisi wopanda pokhala. Anaonanso kuti tcheyayo polankhula ankayeza msasawo ndi maso, m'litali ndi m'lifupi. Kuyambira tsiku limenelo anayamba kukayikira aliyense: wogulitsa malalanje amene anawapatsa moni mokweza kwambiri, mtsikana wa fodya amene anafunsa nthawi imene amaweruka, ngakhale kasitomala wobwera kudzagula, poganiza kuti mwina watumidwa kudzatenga msuzi wokaonetsa kwa sing'anga.

Kunyumba, m'chipinda chawo cha kuseri kwa nyumba ya eni ku Boitekong, mayi Lurdes sanawanyengerere.

"Bambo, potoyu ali ndi chivundikiro. Pakamwa panu ndi pamene palibe. Munali ndi chifukwa chanji chomupezera achibale ku Kepu?"

"Ndinkangowaphunzitsa."

"Aphunzira. Tsopano musiyeni kuno potoyo, muziphika maola anayi ngati anzanu."

"Ndikamusiya ndiye kuti ndavomera. Azidzati ndinkawadyetsa poizoni miyezi yonseyi."

A Geraldo akusisita msana anakumbukira chinthu. Kumalo ogula zitsulo zakutha, kunjira yopita kutauni, anaonapo kapitawo akuyendetsa kamakina pamwamba pa lole isanatsitse katundu. Kanali ka mtundu womwe uja ankaona ku Kepu. Ogula zitsulo anali atayamba kuyeza chifukwa zitsulo zina zochokera kumigodi ya golide zinkapezeka ndi cheza.

Loweruka m'mawa anapita kukatenga a Absalom kuti akhale mboni. Tcheyayo anavomera monyinyirika, n'kunena kuti poto yekha sakwanira: supuni, mbale, mpeni, zonse zipite, kuti pasadzakhale wonena kuti china chinabisidwa. A Geraldo anakhuthula madzi m'thanki yawo n'kulongedzamo zonse, poto pansi, mbale pamwamba. Thankiyo inali chidutswa cha chipaipi chachikulu cha chitsulo chosachita dzimbiri, chowotcherera pansi. Pamzerepo mpopi unali kutali, choncho aliyense ankasunga madzi a tsiku lonse, ndipo munthu wina wa lole atabwera ndi mathanki oterewa kumayambiriro kwa chaka, asanu ndi imodzi anagulidwa tsiku lomwelo. M'kati mwake munali chikoko cholimba chotuwa chimene sichinkachoka ngakhale ukwechese ndi mchenga. Onse ankati ndi layimu.

Anakankha wilibala makilomita anayi, a Absalom akuyenda kumbali ina ya msewu. Kapitawo wa pamalopo anali Phillip, Mtswana wa zaka za m'ma 30, wansangala. Atamva nkhani yonse m'Chifanakalo, chinenero cha kumigodi, chosakaniza ndi Chitswana, anaseka mpaka kugwira mpanda.

"Madala, anthu amabwera kuno ndi njanji zakuba, ndi mageti a eni. Wobwera ndi poto wa mang'ina ndinu woyamba."

Anatenga kamakina kachikasu kokhala ndi kandodo kolumikiza ndi waya. Atakayatsa kanayamba kulira patalipatali: the, kenako the. Anafotokoza kuti kameneko ndi kulira kwa masiku onse, chifukwa nthaka ndi miyala zili ndi cheza chake chochepa. Kenako analowetsa kandodo m'thanki, pamwamba pa poto.

Kamakina kanalira ngati chimanga chokazinga. Thethethethe, osapuma, muvi wake utakwera.

A Absalom anadumpha n'kukaima kuseri kwa mulu wa matayala. "Mayo! Mayi Lois ananena! Achimwene, mwatipha!"

A Geraldo anayang'ana poto wawo. Kwa kanthawi anakhulupirira nawo. Adona aja anamutenga kuti potoyu? Kapena ndi manja awo omwe, cheza chinawakanirira zaka zonsezi makina a ku Kepu osachiona? Phillip nayenso anali atasiya kuseka. Koma zaka zisanu zoima pamzere wa makina oyezera zinali zitawasiyira chizolowezi chimodzi: chinthu sachiyeza chili pamulu.

"Dikirani. Chimodzichimodzi," anatero a Geraldo. "Tulutsani poto, mupite naye uko."

Ananyamula okha potoyo n'kuwerenga mapazi khumi, n'kumuika pansi. Phillip anayendetsa kandodo kunja, m'kati, pachivundikiro, pakamutu kovina kaja. The. Kenako the. Anayeza mbale, supuni, mpeni, kasitovu. Anayeza manja a a Geraldo, kuseri ndi kutsogolo, ndi nsapato zomwe. Palibe. Atabwerera kuthanki yopanda kanthu, asanafike n'komwe pakamwa pake, chimanga chija chinayambanso kuthetheka.

Phillip anasuzumira m'katimo, n'kukanda chikoko chija ndi waya. "Ntate, ichi si layimu. Chipaipi ichi chinachokera kumene amasiyanitsa yureniyamu ndi miyala ya golide. Zoterezi sitisungunula, timaziika padera n'kuitana oyang'anira za cheza. Mumasungamo chiyani?"

"Madzi."

"Osamba m'manja?"

"Ndi ophikira. Ndi akumwa."

Phillip anaimba kakhweru. Anati si zoti munthu angagwe lero kapena mawa, ndipo iye si dokotala woti anene zambiri, koma madzi akumwa sayenera kugona m'chinthu chotero tsiku ndi tsiku. Anakunkhuniza thankiyo ndi phazi kupita nayo kukona ya waya, n'kulemba kalata yoti poto ndi ziwiya zonse zilibe kanthu, n'kudindapo chidindo cha pamalopo. A Geraldo analandira kalatayo ndi manja awiri, manyazi atawagwira. Zaka zisanu pafupi ndi chipoto chenichenicho anatuluka ali oyera, n'kudzagula cheza pamsewu, kwa munthu wa lole amene sankamudziwa ndi dzina lomwe.

Pobwerera a Absalom anayenda mbali imodzi ndi wilibala. Atafika pamthunzi wa mtengo wina anati apume.

"Achimwene, tiyeni tikambirane ngati akuluakulu. Kalata ikunena za poto. Mawa ndiiwerenga, anthu aomba m'manja, malo anu ndi anu. Za thanki zithere konkuno."

"Atsala asanu, atcheya. Imodzi ndi yanu."

"Yanga nditaya mwakachetechete. Enawo tidzaona pang'onopang'ono."

"Pang'onopang'ono liti?"

"Inu simukuona? Anyamata akamva kuti pamzere pali cheza chenicheni, sadzafunsa kuti msasa uti. Athawa tonse. Asekyulite a mgodi akhala akufuna chifukwa chotichotsera pageti paja kuyambira kale. Mabanja 31, achimwene. Mukalankhula, ine sindidzatha kukutetezani."

A Geraldo anafunafuna msampha m'mawu amenewa. Kodi tcheyayu akufuna kuti akhale chete lero, kuti mawa adzawaneneze kuti anadziwa n'kubisa? Kapena akuwaputa dala kuti alankhule, mlamu wa tchipisi apeze malo? Mbali zonse ziwiri zinkaoneka zotheka. Choipa kwambiri chinali chakuti mwina munthuyo ankangonena zoona.

Mayi Lurdes anamva zonse akupukuta poto uja. "Mwapambana mlandu, bambo. Msana wanu sungabwererenso pansi. Kamodzi kokha m'moyo wanu, tsekani pakamwa." Kenako anafunsa, osawayang'ana, "Thanki ya mayi Lois ndi yomweyo?"

"Lole yake ndi imodzi."

Mayi Lurdes anapitiriza kupukuta poto.

Msonkhano unachitika Lamlungu masana pamzere pomwepo, anthu atakhala pamabenchi ndi pamakreti. A Absalom anawerenga kalata kawiri, m'Chingerezi ndi m'Chichewa, n'kuizungulitsa kuti aliyense aone chidindo. Ena anaomba m'manja. Wogulitsa malalanje anafuula kuti iye ankadziwa kale. Mayi Lois anaigwira kalatayo ndi nsonga za zala.

"Kalata ya wogula zitsulo zakuba," anatero. "Chabwino. Ife ndife osaphunzira."

"Ndiye nkhani yatha," anatero a Absalom mofulumira. "A Geraldo akhala pamalo pawo. Pali china?"

Kunkatentha. A Geraldo anali atagwira mawondo awo ndi manja onse awiri, atatsimikiza mtima kuti sadzuka. Malo anali atabwerera. Mawa akanafika dzuwa lili pamutu monga mwa masiku onse. Ndiye anaona mayi Lois akutembenuka, n'kuvundukula thanki yawo imene inali pakhomo pa msasa, n'kutunga madzi ndi kapu yapulasitiki. Anamwa theka, n'kupatsira mayi woyandikana nawo, amene anali ndi pakati.

"Musamwe madzi amenewo."

A Geraldo anazindikira kuti aimirira atalankhula kale. A Absalom anatseka maso.

A Geraldo anafotokoza zonse, ndipo ulendo uno sanakometse. Ananena za kamakina, za chikoko chotuwa, za munthu wa lole, n'kutchula misasa isanu imene inali ndi mathanki otsalawo. Ananenanso kuti thanki yoyamba kulira inali yawo, ndipo madzi ake anaphikira mang'ina miyezi isanu ndi iwiri.

Phokoso linabuka ngati njuchi zaponyedwa mwala. Mayi Lois anaimirira, kapu ikadali m'manja.

"Mwamuona? Mwamuona munthuyu? Takhala tikunena za poto wake, lero wapeza kuti wodwala ndi thanki yanga! ANyukiliya, munagwirizana zingati ndi mnzanu wa zitsuloyo? Iye apeze mathanki aulere, inu mupeze makasitomala anga?"

"Mayi, yanga ndaisiya komweko."

"Mwaisiya kuti mukaitenge mawa!"

"Ndiye cheza chinalipodi pamsasa pawo," anatero wina kumbuyo. "Kaya poto kaya thanki, ife tinanama pati?"

"Miyezi yonseyi takhala tikumwa madzi omwewa, ndani anafa?"

"Asekyulite akamva, tikadyera kuti?"

Wina anafunsa a Absalom ngati zinali zoona. Tcheyayo anati kamakina kanaliradi, koma iye sadziwa chinenero cha makina. Mtsikana wa fodya anayesa kunena kuti madalawa athokozedwe, koma mawu ake anamira. Pamapeto pake mlandu unasintha dzina: sunalinso wa poto, unali woipitsa mbiri ya mzere. Anakweza manja. Anthu 19 anati achoke, 11 anati akhale. A Geraldo anawerenga okha manjawo, kawiri, ndipo dzanja la mayi wapakati uja linali m'gulu la 19.

Lachitatu m'mawa, nthawi imene pageti pamakhala popanda anthu a shifiti, Phillip anabwera ndi baki. A Absalom ndi amene anamuitana, mwakachetechete. A Geraldo anali pomwepo akuzula misomali ya msasa wawo. Mathanki anayi anakwezedwa mofulumira atakutidwa ndi masaka. Mayi Lois anakhala pamwamba pa yawo.

"Yezani ndikuona," anatero.

Kamakina kanathetheka. Mayiwo sanasunthe. Analamula kuti ayeze mapoto awo, nkhuni, benchi, ndowa ya oyandikana nawo, ndi nsapato ya Phillip yemwe. Kenako analanda kandodoko n'kuyeza okha, akuyang'anitsitsa zala za mnyamatayo kuti asadine penapake. Analoza kuthanki, kanalira. Analoza kumbali, kanaleka. Anachita zimenezi kasanu. Atatero anatsika, n'kukhuthulira madziwo m'ngalande, n'kupita kuseri kwa msasa. Podutsa pafupi ndi a Geraldo anangoti, "Musaganize kuti mwapambana."

"Ndikuzula misomali, mayi. Wopambana amazula misomali?"

Nkhani inawafikadi anyamata a pansi, ndipo kwa masabata atatu mzere wonse unagulitsa theka la masiku onse. Asekyulite anabwera, anayang'ana zidebe zapulasitiki zatsopano, n'kubwerera. Pamalo achitatu kuchokera pageti panayamba kununkhira tchipisi pasanathe masiku awiri. Palibe amene anapita kukauza a Geraldo kuti abwerere, ndipo iwo sanapemphe.

Anakapeza kampata kurenki ya matakisi ku Boitekong, kumapeto, pafupi ndi okonza matayala, pamene fumbi limafika poyamba ndipo makasitomala amafika pomaliza. Sabata yoyamba ankagulitsa ziboda zisanu ndi chimodzi patsiku. Mbiri inali itawatsogolera, ndipo amayi a parenkipo ankakoka ana awo akayandikira poto wolira. Kalata ya Phillip anaiika m'pulasitiki n'kuikhoma pamtengo wa msasa. Madalaivala ndi amene anayamba kubwera, chifukwa dalaivala sadikira, ndipo mang'ina akatha poto wina ankapsa takisi isanadzaze kachitatu. Pofika Khirisimasi ya 1997 zinali ziboda 17. Sizinafikenso pa 24, koma zinkakwera.

Za nyukiliya ankafotokozabe akafunsidwa, ubwino wake ndi kuipa kwake, kungoti potoyo sanamupezerenso wachibale. Chitsulo chilichonse chogula pamsewu, kaya chiwaya kaya waya wowotchera nyama, ankayamba apita nacho kwa Phillip Loweruka m'mawa, ndipo anthu ankawaseka kuti madala amapititsa mapoto kusikelo ngati makanda.

Lachisanu lina, renki itachita zii masana, mayi wina wogulitsa mandasi, amene chaka chonse sanawapatsepo moni, anafika ndi chinthu chokulunga m'chitenje. Anayang'ana uku ndi uku, n'kuchilowetsa pansi pa wilibala. Linali beseni lolemera la chitsulo chosachita dzimbiri.

"Madala, ndinagula kwa anthu a lole. Ndimakandiramo ufa. Mawa mukamapita kwa mnzanu uja munditengereko."

"Bwanji osapita limodzi, mukaone nokha?"

"Iyayi, anthu angandione." Anayamba kuchoka, kenako anabwerera. "Koma likakhala labwino mubwere nalo lomweli. Ndaika chizindikiro pansi pake."